Musawalande kamera, aphunzitseni kuodira

Chaka cha maphunziro chikamafika kumapeto, ophunzira za luso ndi zofalitsa nkhani ku University of Malawi ku Zomba, ku MUBAS ku Blantyre, ku Malawi Institute of Journalism ndi m'masukulu ena amakhala kalikiliki ndi mapulojekiti awo: kanema wa mphindi 10, pulogalamu ya pa wailesi, zithunzi zokhoma pakhoma, sewero lojambulidwa. Kale zinthuzi zinkathera m'kabati ya aphunzitsi, n'kudyedwa ndi fumbi. Lero kachidutswa ka masekondi 40 kamathawira pa WhatsApp usiku womwewo, kukamacha kali pa Facebook, anthu ayamba kale kulozana zala. Kakakhudza gule wamkulu, mapemphero a machiritso, chinamwali, ufiti kapena nkhanza za m'banja, mawu amene amamveka kwambiri ndi akuti ana amenewa awaletse, sukulu ziwapatse mitu yosapsetsa mtima. Ine ndili kumbali ya ophunzirawo. Mitu imeneyi ndiyo moyo wawo, ndipo palibe chifukwa chowathamangitsira ku nkhani za mathithi ndi kulowa kwa dzuwa pa nyanja. Koma sindikunena kuti onse amene akudandaula ndi opanda nzeru. Zimene zimalakwika m'makanema ambiri otere ndi zenizeni, kungoti gwero lake si mutu wa nkhani. Gwero lake ndi kalowedwe pakhomo pa eni ake ndi kagwiridwe ka ntchito, ndipo ziwiri zonsezi zimaphunzitsika.

Dandaulo loyamba ndi la eni mwambo. Iwo akuti gule ali ndi zinsinsi zake, kuti wosameta safika kudambwe, ndipo kamera ndi diso la anthu zikwizikwi amene sadagule njira. Akutinso mwana wa m'tauni akangojambula chilombo, amachiika pa TikTok ndi nyimbo ya phokoso, anzake n'kumaseka ngati chidole. Zonsezi n'zoona. Komabe mwambo womwewo udalekanitsa kale malo awiri. Pali bwalo, pamene amayi amaimba, ana amaonerera chapatali, alendo amafupa; ndipo pali dambwe ndi liunde, kumene kulibe malo a kamera ngakhale mwini wake atakhala wometa. Ku Kulamba, ku Mkaika m'boma la Katete ku Zambia, zilombo zochokera ku Malawi, Zambia ndi Mozambique zimavina pamaso pa Kalonga Gawa Undi makamera ali mbwee, ndipo mwambo sugwa. UNESCO idalengeza gule wamkulu kukhala chuma cha anthu onse m'chaka cha 2005, n'kumulemba m'kaundula wake mu 2008. Ku Mua, malo a Kungoni amene Bambo Claude Boucher adayambitsa mu 1976 amasunga zigoba mazana angapo m'nyumba ya Chamare, ndi matanthauzo ake. Ndiponso tisaiwale kuti gule mwini wakeyo ndi ndemanga pa za m'mudzi ndi za m'dziko. Chilombo chija cha nkhope yofiira, Simoni, chimanena za mlendo amene adabwera ndi zake, Maliya ali ndi chiyambi chake ku mishoni, ndipo pali zilombo zimene zidadza chifukwa cha Edzi, uchidakwa ndi dyera la olamulira. Wophunzira amene akufunsa ndi kamera kuti ndife yani, tikulowera kuti, akuchita ntchito imene bwalo lidayamba kalekale.

Choncho funso loyenera ndi lakuti walowa bwanji. Njira yake ndi yodziwika, ndipo yoidumpha ndi imene imabala milandu. Kalata ya kusukulu ipite kwa amfumu a mudzi umene uli ndi mzinda, masabata awiri kapena atatu tsiku lisanafike, kudzera mwa munthu wa m'mudzimo, osati kungotulukira m'mawa wa tsikulo ndi chikwama kumsana. Amfumu akavomera, nkhani sinathe. Iwo akutumizani kwa akuluakulu a gule, wakunjira ndi tsabwalo, ndipo ngati pali za chinamwali cha atsikana mawu omaliza ndi a anamkungwi. Amenewa ndiwo anganene poima, nthawi yotsitsa kamera, ndi mbali yosalozako. Ngati gule akuvinidwa pamaliro kapena pa chiliza, chilolezo cha amfumu si chilolezo cha ofedwa. Mwini mbumba afunsidwe payekha, ndipo akakana, basi zatha. Malamulo atatu alembedwe papepala asanayatse kamera: osatsatira chilombo chikamachoka pabwalo, osajambula ngati chovala chamasuka kapena chilombo chagwa, osatchula dzina la munthu aliyense molumikiza ndi chilombo, kaya m'mawu kaya m'mayina olembedwa kumapeto kwa kanema. Lachitatuli ndilo limakola ophunzira aulemu, chifukwa kusukulu adawaphunzitsa kuthokoza aliyense potchula dzina. Pomasulira mawu olembedwa m'munsi mwa kanema asamalenso. Mizimu ya makolo ikamasuliridwa ndi liwu lachingerezi lotanthauza ziwanda, kanema yense wasanduka mlandu, ngakhale zithunzi zitakhala zaulemu chotani.

Pa vimbuza pali msampha wina umene ambiri sauona. Gule ameneyu, amene UNESCO idamulembanso m'zaka zomwezo, ndi chipatala kwa anthu a ku Rumphi, Mzimba ndi madera ozungulira. Wovinayo nthawi zambiri ndi wodwala. Sing'anga angalole kujambula, koma munthu amene wagwidwa ndi mizimu sangavomere kapena kukana pa nthawi imeneyo. Afunsidwe dzuwa lisanalowe ali bwinobwino, afunsidwenso mawa lake ataona yekha zimene zajambulidwa. Lamulo lomweli likhudza mayi amene wagwa pansi pa mapemphero a machiritso m'tchalitchi cha m'tauni: abusa si eni ake a nkhope yake.

Izi zikutifikitsa ku dandaulo lachiwiri, la atsogoleri a mipingo ndi mizikiti pamodzi ndi makolo. Iwo akuti achinyamata amenewa sanakhwime, amatenga zopatulika ngati zoseweretsa, ndipo kholo limene lagulitsa soya kuti lilipire fizi silidatumize mwana kukanyoza Mulungu. Pali ophunzira ena amene amafunadi kungotchuka pokhumudwitsa anthu, ndipo makanema awo amaoneka msanga: alibe funso, ali ndi yankho lokhalokha. Koma taganizani za mtsikana amene bambo ake ndi Msilamu, mayi ake ndi a CCAP, ndipo wakula akufunsidwa mbali zonse ziwiri kuti iwe ndiwe wa kuti. Taganizani za mnyamata amene pa maliro a agogo ake anthu adatsala pang'ono kumenyana, ena akufuna kwaya, ena akufuna ng'oma. Nanga uja amene mayi ake adasiya kumwa mankhwala a kuchipatala atagula botolo la madzi odzozedwa? Amenewa sakubwereka nkhani kunja. Kuwauza kuti ajambule za ulimi wa tomato ndi kuwauza kuti maphunziro alibe gawo pa zimene zimawasowetsa tulo. Ndiponso mipingo yomweyo ndiyo idatisonyeza kuti chikhulupiriro ndi mavuto a anthu n'zosalekanitsika. Kalata ya maepiskopi a Katolika imene idawerengedwa pa 8 March 1992 idakamba za malipiro, zipatala, masukulu ndi anthu otsekeredwa popanda mlandu, ndipo ophunzira a ku Chancellor College adali m'gulu la oyamba kutuluka poyera kugwirizana nayo, mpaka koleji idatsekedwa. Malamulo aakulu a dziko lino amateteza ufulu wa chipembedzo m'gawo 33 ndi ufulu wofotokoza maganizo m'gawo 35. Magawo awiriwa adalembedwa moyandikana, ndipo palibe limene lidaikidwa kuti limeze linzake.

Malire a kufunsa ndi kunyoza amaoneka pa kompyuta, nthawi yodula ndi kulumikiza kanema, ndipo mphunzitsi wodziwa ntchito angawagwire pasanathe theka la ola ngati afunsa kuti aone zojambulidwa zonse zosadula. Chinyengo chofala ndi ichi: m'busa wayankha kwa mphindi ziwiri, wophunzira watengapo masekondi 8 amene akumveka oipa, wachotsa mawu akuti "koma" ndi zonse zotsatira. China ndi kutenga chithunzi cha anthu akuseka pa nthawi ina n'kuchilowetsa pambuyo pa pemphero, kapena kuika nyimbo yoopsa pansi pa sikiri kapena pansi pa anthu olankhula malilime. Wojambulayo sananame ndi pakamwa, koma kanemayo wanama. Mankhwala ake ndi osavuta. Funso limene munthu akuyankha limveke kapena lilembedwe. Chiganizo chisadulidwe pakati. Phokoso ndi zithunzi za mwambo wopembedza zikhale za nthawi yomweyo. Aliyense amene akunenezedwa chinthu apatsidwe mpata woyankha, ndi masiku osachepera 7, ndipo akakana zinenedwe mwachidule kuti adafunsidwa. Wochita zimenezi angafunse funso lolasa chotani, sadzapezeka ndi mlandu wonyoza, chifukwa wamulola mnzakeyo kudzinenera yekha.

Dandaulo lachitatu ndilo lolemera kuposa onse, ndipo limachokera kwa anthu amene sadana ndi luso n'komwe. Akuti wophunzira amalandira malikisi ake n'kumapita, koma amene adatsegula mtima pamaso pa kamera amatsala m'mudzi momwemo ndi anthu amene wawatchula. Mtsikana wogwiriridwa ndi malume ake, gogo amene akumunamizira ufiti, mwana wachialubino m'dziko limene kuyambira cha m'ma 2014 anthu otere akhala akubedwa ndi kuphedwa: kwa amenewa kanema wosasamala ndi mapu osonyeza adani pakhomo. Apa sinditsutsa kanthu. Ndingowonjezera kuti njira zobisira anthu zimene ophunzira ambiri amadalira n'zosagwira ntchito, ndipo ndi bwino kunena chifukwa chake. Kuphimba nkhope ndi chifunga kumabisa munthu kwa alendo okha. A m'mudzi amamuzindikira ndi chitenje, chipsera cha padzanja, kakhalidwe, mtengo wa mango uli kumbuyo, ngakhale kulira kwa chigayo chapafupi. Kumukhazika pamdima zenera lili kumbuyo kumaoneka kotetezeka, koma aliyense amene ali ndi foni angakweze kuwala kwa chithunzicho nkhope n'kutulukira; choncho kanema akamalizidwa, wophunzira ayese yekha kukweza kuwala mpaka pamapeto aone chimene chikutuluka. Kusintha mawu kuti akhale manzenene kapena abesi kumabwezeka ndi pulogalamu yaulere yomweyo imene idawasintha, ndipo sikuchotsa kalankhulidwe, chibwibwi kapena mawu amene munthuyo amakonda kubwereza. Njira yodalirika ndi kulemba zimene wanena, kusintha dzina, mudzi ndi zaka, mnzanu wina awerenge mawuwo, ndipo zithunzi zijambulidwe kumalo ena ndi manja a munthu wina, owonera atauzidwa kuti zachitika choncho.

Ngozi ina ili m'mafayilo. Foni yambiri imalemba malo enieni amene chithunzi chajambulidwa ngati GPS ili yoyatsa, ndipo fayilo ikatumizidwa pa WhatsApp ngati document imapita ndi zonsezo. GPS izimitsidwe musanafike pakhomo. Zojambulidwa zosadula, zimene nkhope ndi mayina zili poyera, zisasiyidwe pa kompyuta ya mu labu imene aliyense amakhalapo, zisakhale mufoni imene mawa ipita kwa wokonza mafoni kumsika. Zikhale pa hard drive yokhala ndi password, ndipo zifufutidwe malikisi akangotuluka ngati momwemo ndi momwe mudapanganirana. Chilolezo chifunsidwe m'chilankhulo cha mwini wake, Chichewa, Chiyao, Chitumbuka, Chisena kapena Chilomwe, ndipo chijambulidwe m'mawu, chifukwa chidindo cha chala pansi pa pepala lachingerezi sichisonyeza kuti munthu wamva. Auzidwe mosabisa kumene kanemayo akaonetsedwe: m'kalasi mokha, pa chionetsero, kapena pa YouTube pamene sadzachokanso. Wosakwana zaka 18 ndi mwana malinga ndi malamulo a dziko lino chisinthireni mu 2017, ndiye pafunika kholo kapena womulera, komanso mwanayo avomere yekha. Ndipo ngati womulerayo ndi amene akuganiziridwa nkhanzazo, imeneyo si ntchito ya kanema wa kusukulu; ndi ya a zachitetezo cha ana ndi apolisi. Onani kuti zonsezi sizikufuna kuletsa mutu. Kuletsa kungangochititsa kuti ophunzira azijambula mobisa, opanda mphunzitsi wowayang'anira, ndiye kuti ngozi yomwe tikuopayo yakula.

Ena amadandaula za thumba. Akuti ntchito zikusowa, bwanji osawaphunzitsa kujambula maukwati, zotsatsa malonda ndi nyimbo, zimene zili ndi ndalama? Aziphunzira zimenezo ndithu. Koma amene wajambula bwino gule pabwalo sangalephere ukwati, pomwe wa maukwati okhaokha angagwe pabwalo. Tengani nkhani ya mawu, imene imapha makanema a ophunzira ambiri kuposa china chilichonse. Foni imadzichepetsera ndi kudzikwezera yokha mphamvu ya maikolofoni, ndiye mbalule ikangolira imameza zonse, nyimbo ya amayi imene ili ndi uthenga wonse n'kusowa. Pafunika chojambulira mawu chachiwiri, ngakhale foni ina, chiikidwe pafupi ndi oimba, mamita atatu kapena anayi kuchoka pa ng'oma, chitafulatira ng'omazo, mphamvu ya mawu ikhale pakati pa -12 ndi -6 dB pa muyeso wa chojambuliracho. Pofunsa munthu mafunso, maikolofoni yapakolala ikhale chikhatho chimodzi kuchoka pachibwano, wojambula avale mahedifoni nthawi yonse, aombe m'manja kamodzi poyambira kuti mawu ndi chithunzi zidzalumikizike mosavuta, ndipo pomaliza ajambule masekondi 30 a chete wa malowo oti adzatsekere mipata podula. M'tchalitchi kapena mumzikiti mmene muli mababu, mizere yoyenda pachithunzi imadza chifukwa magetsi athu ndi a 50 Hz pamene mafoni ambiri amabwera atatcheredwa pa mafulemu 30 pa sekondi. Tcherani mafulemu pa 25, shutter (nthawi imene kamera imatsegula diso pa fulemu iliyonse) pa 1/50 ya sekondi, mizere itha. Ola limodzi la kanema wa 1080p pafoni limadya 6 mpaka 8 GB, ndipo kanema wa mphindi 10 amafuna maola angapo a zojambula, ndiye makhadi awiri a 64 GB ndi power bank si zapamwamba ayi, makamaka kumudzi kopanda potchajira. Wodziwa zimenezi ndi amene mabungwe ndi mawailesi akanema amamufuna.

Pali chowonadi chimodzi chowawa m'dandaulo lakuti makanema amenewa amavina ng'oma ya mabungwe opereka ndalama. Mumawadziwa ndi kalankhulidwe: mayi wa kumudzi akuyankhula Chichewa cha m'maworkshop chimene palibe amene amayankhula pachitsime, ndipo pamapeto pake aliyense wasintha mtima ngati m'sewero la ana a Sande sukulu. Koma chimenechi ndi chifukwa choti sukulu zikhale ndi zida zawozawo zobwereketsa, tripod, maikolofoni, mahedifoni, ndi mapulogalamu aulere monga DaVinci Resolve ndi Audacity, kuti wophunzira asagulitse funso lake pofuna kamera.

Otsala ndi amene akuti boma lili kale ndi bungwe loona zoyenera kuonetsedwa, bwanji osangopititsa zonse kumeneko, kapena sukulu zikhazikitse komiti yawo yovomereza mitu. Lamulo la Censorship and Control of Entertainments ndi la 1968, ndipo wophunzira aliyense ayenera kudziwa kuti kuonetsa kanema kwa anthu wamba kunja kwa kalasi kuli ndi ndondomeko yake pansi pa lamulo limeneli. Kuika zaka za oyenera kuonera ndi kwanzeru. Koma komiti yosankhira anthu mitu tidaionapo kale m'dziko muno, ndipo tikudziwa kumene imathera. Nthawi ya chipani chimodzi masewero a ophunzira ankayenera kuvomerezedwa asanaseweredwe, alembi a m'gulu la Writers Group la ku Chancellor College adaphunzira kubisa mawu m'nthano za Napolo ndi nanzikambe, ndipo Jack Mapanje, mkulu wa dipatimenti ya Chingerezi, adatengedwa mu 1987 n'kukhala ku Mikuyu mpaka 1991 osazengedwa mlandu. Pa koleji yomweyo pali chitsanzo china chabwino. M'zaka za m'ma 1980, a Travelling Theatre, motsogozedwa ndi aphunzitsi monga Chris Kamlongera ndi David Kerr, ankapita m'midzi ya ku Liwonde kukachita masewero a zaumoyo m'chilankhulo cha anthu, atayamba akhala nawo pansi kumva mavuto awo, ndipo oonerera ankalowerera m'sewero kutsutsa kapena kukonza. Komiti imene ikufunika lero ndi yofunsa mafunso a mtundu umenewo: walankhula ndi yani, wakuloleza ndani, angavulale ndani, mafayilo akhala kuti, ubwerera liti kukawaonetsa. Tsamba limodzi lokha, losainidwa kamera isanatuluke m'sitolo ya dipatimenti, ndipo likhale ndi gawo lake pa malikisi, mwina limodzi mwa magawo anayi, chifukwa chopanda malikisi wophunzira amachiyesa mwambo chabe.

Funso lomalizalo, la kubwerera, ndilo limadumphidwa kwambiri chifukwa limadza nthawi ya mayeso ndalama ya thiransipoti itatha. Liikidwe mu bajeti pachiyambi pomwe, ulendo wachiwiri wofanana mtengo ndi woyamba. Sipafunika projekita. Laputopu yotchaja bwino ndi kasipika ka Bluetooth n'zokwanira anthu 10 kapena 15 pakhonde la amfumu, dzuwa litapendeka kuti sikirini ioneke. Amene adanena zakukhosi aonetsedwe payekha poyamba, gulu lisanasonkhane. Akuluakulu a gule, anamkungwi kapena akulu a mpingo aone kanema yense osadumphitsa, kenaka afunsidwe zinthu ziwiri: kodi muli choonekera chimene sichiyenera kuoneka, ndipo kodi muli mawu amene aikidwa m'kamwa mwa munthu molakwika? Pa ziwirizi mawu awo ndi omaliza, ndipo wophunzira achotse kapena akonze. Pa maganizo a kanemayo, ngati akudzudzula kukakamiza ana kulowa gule nthawi ya sukulu kapena kugulitsa madzi odzozedwa kwa odwala, eni ake angatsutse, kutsutsa kwawoko kujambulidwe n'kulowetsedwa m'kanema, koma maganizowo akhale. Kusiyana kwa ziwirizi kufotokozedwe tsiku loyamba lija lopereka kalata kwa amfumu, kuti pa tsiku loonetsa pasakhale wonena kuti adapusitsidwa, ndipo kope limodzi la kanema womalizidwa litsale m'mudzimo pa memore khadi.